Momwe mungasandutsire kamera ya vidiyo kukhala maso a msonkhano wa pa intaneti

Mabanja ambiri a kuno ku Mzuzu ali ndi wina wake ku Joni, ku Dar es Salaam kapena ku London, ndipo pakagwa nkhani ya ukwati, ya maliro kapena ya munda wa makolo, munthu ameneyo sangasiyidwe kunja kwa zokambirana. Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti anthu khumi amaunjikana kutsogolo kwa laputopu imodzi, ndipo wakutali uja amangoona chipumi cha amene wayandikira kwambiri, pamene agogo, omwe mawu awo ndiwo omanga nkhani, ali kumbuyo osaoneka ndiponso osamveka. Komatu m'nyumba zina, m'matchalitchi ndi kwa anyamata ojambula maukwati muli makamera a vidiyo, aja otchedwa camcorder, amene angathe kuonetsa chipinda chonse bwinobwino ndi kukoka nkhope ya wolankhula kuti ioneke pafupi. Kamera yotere imatha kugwira ntchito m'malo mwa kakamera ka pa laputopu pa Zoom, Google Meet, Microsoft Teams ngakhale pa WhatsApp ya pa kompyuta, bola muikonze monga ndifotokozere pano.

Musanagule kanthu kalikonse, tengani kamerayo muilumikize ku TV ndi chingwe cha HDMI. Pa makamera ambiri pobayira chingwechi pamabisika kuseri kwa kasikirini kotsegula kaja kapena pansi pa kachivundikiro ka labala, ndipo pamakhala paling'ono kuposa pa TV, mwina pa mtundu wa mini HDMI kapena wa micro HDMI, choncho ndi bwino kupita nayo kamerayo ku shopu kuti mukayese chingwe pomwepo. Mukalumikiza, yatsani kamera ngati mukufuna kujambula, muone ngati TV ikuonetsa zimene kamera ikuona nthawi yomweyo. Zikatero, ntchito yonse yotsala ndi yotheka. Pali makamera ena amene amatulutsa chithunzi pa HDMI pokhapokha mukamaonetsa zimene munajambula kale, ndipo kamera yotere singakuthandizeni ngakhale mutagula zipangizo zodula motani.

Muli pa TV pomwepo, yang'anani ngati chithunzicho chili ndi tizilembo ndi tizizindikiro, monga ta batire, ta nthawi ndi mawu akuti STBY. Tonseto tidzaonekanso kwa anthu a pa msonkhano ngati simutichotsa. Lowani mu menyu ya kamera, mufufuze mbali yonena za zotuluka pa HDMI kapena pa TV, muzimitse tizilemboto. Dzina la mbali imeneyi limasiyana pakati pa Sony Handycam, Canon Legria ndi Panasonic, koma pa ambiri ilipo, ndipo ena ali ndi batani lolembedwa DISP limene limachita zomwezo.

Tsopano funso ndi lakuti chithunzicho chilowa bwanji mu laputopu. Apa ndi pamene anthu ambiri amatayira ndalama ndi nthawi, chifukwa amaona kuti laputopu nayo ili ndi pobayira HDMI, n'kuganiza kuti chingwe chomwecho chikwanira. Pobayira HDMI pa laputopu ndi potulutsira chithunzi kupita ku TV kapena ku projekita basi, ndipo sipalandira kanthu. Nachonso chingwe cha USB chimene chinabwera ndi kamera, pa makamera ambiri ntchito yake ndi yokopera mavidiyo ojambulidwa kale, moti mukachibaya kompyuta imangoiona kamerayo ngati fulashi. Chofunika ndi kachipangizo kotchedwa capture card, kamene mbali imodzi kamalandira HDMI yochokera ku kamera ndipo mbali inayo kamalowa pa USB ya laputopu. Tambiri mwa tizipangizoti timatsatira muyezo wa UVC, womwenso makamera wamba a pa kompyuta amatsatira, kotero Windows 10, Windows 11 ndi macOS amatizindikira okha popanda kuika pulogalamu ina iliyonse. Todziwika kwambiri ndi monga Elgato Cam Link 4K, koma palinso totsika mtengo, tofanana ndi fulashi yonenepa, tomwe timatulutsa chithunzi cha 1080p, kutanthauza cha mizere 1080, pa zithunzi 30 pa sekondi. Pa misonkhano timeneti ndi tokwanira ndithu, popeza chithunzi chimene intaneti yathu ingathe kunyamula nthawi zambiri sichipitirira 720p. Musakopeke ndi mawu akuti 4K olembedwa pa paketi ya kachipangizo kotsika mtengo, chifukwa kawirikawiri amangotanthauza kuti kamalandira 4K, pamene chotuluka ndi 1080p yomweyo. Ngati simunakapeze m'mashopu a zamagetsi m'tauni, tumani amene amapita ku Dar es Salaam kapena ku Joni, ndipo ngati ndalama ilipo mugule tiwiri, kuti kena kazikhala m'chikwama podikira tsiku limene kanzake kadzakane.

Mu menyu ya kamera ija, ikani zotuluka pa HDMI pa 1080p kapena pa 720p. Makamera ambiri akasiyidwa okha amatulutsa 1080i, ndipo chilembo cha i chimenecho chimatanthauza kuti chithunzi chimatumizidwa m'magawo awiri olukana, mizere ina kaye kenako inzake. TV imadziwa kulukanitsa bwino magawowa, koma pa kompyuta mumaona timizere tonga mano a chipeso m'mbali mwa dzanja la munthu akangolisuntha.

Amene muli ndi makamera akale a tepi ya MiniDV, njira yanu ndi ina. Makamera amenewo amatulutsa vidiyo pa FireWire, imene a Sony ankaitcha i.LINK, ndipo malaputopu a masiku ano alibe pobayira pake. Pa kompyuta ya pa desiki mungathe kuikamo khadi ya FireWire, koma zingwe zogulitsidwa zimene mbali ina ndi FireWire mbali ina USB musazikhulupirire, chifukwa njira ziwirizi sizimvana pa waya wokha. Chosavuta ndi kugwiritsa ntchito chingwe cha AV, chija cha mitu itatu, wachikasu wa chithunzi, woyera ndi wofiira ya mawu, pamodzi ndi capture card yolandira mitu imeneyo. Chithunzi chake ndi cha mizere 576 ya PAL, chofewerapo poyerekeza ndi cha HDMI, komabe galasi la kamera yakaleyo limakoka nkhope kuchokera kutali, chinthu chimene kakamera ka pa laputopu sikangathe.

Mukalumikiza zonse, kamera ku capture card, capture card ku laputopu, tsegulani pulogalamu ya Camera ya mu Windows musinthire ku kamera yatsopanoyo, imene nthawi zambiri imaoneka ndi dzina lakuti USB Video. Chithunzi chikaoneka, tsekani pulogalamuyi musanatsegule Zoom kapena Meet, chifukwa mapulogalamu awiri akamalimbirana kamera imodzi, wachiwiriyo amangoonetsa mdima. Mu Zoom lowani pa Settings, kenako pa Video, musankhe USB Video, ndipo mu Meet ndi mu Teams mumasankhanso chimodzimodzi pa mbali ya vidiyo. Mukaona kuti zolemba za pa khoma zikuoneka chotembenuka pa sikirini yanu, musade nkhawa, chifukwa pulogalamu imakuonetsani inu nokha ngati pa kalilole, pamene anzanu akuziona molunjika.

Pali zinthu ziwiri mu menyu ya kamera zimene ndikupemphani kuti musaziiwale. Tsiku lina ku Chibavi tinasonkhana pa nkhani ya ukwati wa mlongo wathu, zonse zitakonzedwa bwino, ndipo amalume a ku Joni atangoyamba kuyankha, chithunzi chathu chinazima. Tinangomva akuti, "Ana inu, ndikukumvani koma sindikukuonaninso, mwachokapo kodi?" Palibe chimene chinawonongeka, koma kamerayo inali itadzizimitsa yokha chifukwa panadutsa mphindi 5 popanda woigwira kapena kujambula. Makamera ambiri anapangidwa motero pofuna kusunga batire, choncho fufuzani mawu onga Auto Power Off, Power Save kapena Eco Mode, muzimitse. Chachiwiri ndi Demo Mode, imene imachititsa kamera yosiyidwa kuyamba kuonetsa yokha zithunzi zotsatsira malonda zimene inachoka nazo ku fakitale. Pa makamera a MiniDV, tepi ikakhalamo kamera imazima pakapita mphindi zochepa pofuna kuteteza tepiyo, ndipo ikachotsedwa Demo Mode ndi imene imayamba, kotero chotsani tepi, muzimitsenso Demo Mode.

Ndifike pa nkhani ya mawu, imene kwa ine ndi yaikulu kuposa zonse zimene ndanena. Anthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino kwa maola awiri, koma mawu akamadukaduka kapena kubwerera, msonkhano umasanduka wofunsana kuti "mwati bwanji", ndipo akuluakulu amatopa n'kusiya kulankhula zakukhosi. Chithunzi chochokera ku kamera chimachedwa pang'ono podutsa mu capture card, moti mukagwiritsa ntchito maikolofoni ya pa laputopu, mawu amafika kwa anzanu milomo isanayambe kugwedezeka. Mankhwala ake ndi kudutsitsa mawu njira yomwe chithunzi chikudutsa. HDMI imanyamula zonse ziwiri, choncho mu Zoom kapena Meet sankhani maikolofoni ya capture card, imene kawirikawiri imalembedwa kuti Digital Audio Interface kapena USB Digital Audio. Mukatero mawu ndi chithunzi zimachedwa mofanana ndipo zimafika pamodzi.

Komabe maikolofoni ya pa kamera ili pamene pali kamera, ndiye kuti mamita atatu kapena anayi kuchokera pa anthu, ndipo imatola chilichonse chimene chili pakati. Kuno kwathu mvula imagwa mpaka mu Epulo ngakhale mu Meyi, ndipo aliyense amene anakhalapo m'nyumba ya malata yopanda siling'i mvula ikugwa akudziwa kuti ngakhale woyandikana naye samveka. Kamera imaonjezera vutoli, chifukwa anthu akakhala chete imakweza yokha mphamvu ya maikolofoni pofunafuna mawu, ndipo chimene imapeza ndi mkokomo wa pa denga. Ngati kamera yanu ili ndi pobayira polembedwa MIC, pa 3.5 mm, gulani maikolofoni ya chingwe chachitali muiike pa tebulo pakati pa anthu, kapena izipatsidwa kwa amene akulankhula. Kusendeza maikolofoni pafupi ndi pakamwa kumathandiza kuposa batani lililonse lochotsera phokoso. Ngati menyu ikulola, ikani mphamvu ya mawu pa Manual, muuze munthu wa mawu okweza kwambiri m'banjamo kuti alankhule, mutsitse mpaka kamzere koonetsa mawu kasiye kufika pofiira. Kwa a m'matchalitchi amene mukufuna kutenga mawu kuchokera pa mixer, dziwani kuti mawu otuluka kumeneko ndi amphamvu kwambiri kuposa amene pobayira MIC pamayembekezera, ndipo mukawalowetsa osawachepetsa amasweka n'kumamveka ngati wailesi yothaitha. Makamera aakulu okhala ndi pobayira XLR, pa maikolofoni ya mapini atatu, ali ndi kaswichi ka MIC ndi LINE, ndipo apa muyenera kusankha LINE.

Za mawu obwerera, lamulo ndi limodzi: m'chipinda chimodzi mukhale maikolofoni imodzi yoyatsa ndi sipika imodzi. Wachinyamata amene walowa msonkhano womwewo pa foni yake ali m'chipinda momwemo azimitse maikolofoni yake, atsitsenso voliyumu mpaka pansi, apo ayi mudzamva kulira kwa mluzu kumene kumabwera mawu akamazungulira pakati pa zipangizo ziwiri. Sipika muiike kutali ndi maikolofoni, itayang'ana kwa anthu.

Kamera ikhale pa tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, pa msinkhu wa maso a anthu atakhala pansi, ndiponso pafupi kwambiri ndi sikirini imene akuonerapo achibale akutaliwo, kuti akamayang'ana nkhope ya amalume pa sikirini azioneka ngati akuwayang'anadi m'maso. Ngati amayi akhala pa mphasa ndipo abambo pa mipando, monga zimakhalira pa zokambirana zambiri za pabanja, bwererani nayo m'mbuyo kamerayo mpaka onse alowe, chifukwa si bwino kuti azakhali azilankhula kuchokera kunja kwa chithunzi. Mukafuna kutalikitsa zingwe pakati pa kamera ndi laputopu, talikitsani mbali ya HDMI, chifukwa chingwe cha USB 2.0 sichidalirika chikapitirira mamita 5. Pobayira micro HDMI ndi posalimba, choncho mangirirani chingwe ku mwendo wa tripod ndi kalabala, kuti wina akachikoka ndi phazi mphamvuyo ithere pa tripod. Zenera likhale kutsogolo kwa anthu kapena cham'mbali, chifukwa likakhala kumbuyo kwawo kamera imayeza kuwala kwa panja ndipo nkhope zonse zimada bii. Anthu akakhazikika, ikani focus pa Manual kuti kamera isamasakesake aliyense akasuntha mutu, ndipo muonetse pepala loyera kutsogolo kwake pokonza White Balance kuti khungu la anthu lioneke mtundu wake weniweni.

Nthawi zina madzulo, mababu atayatsidwa, mudzaona mizere ikuyenda m'chithunzi kapena kuwala kukuphethira. Magetsi a m'Malawi ndi a 230 V pa 50 Hz, pamene makamera ogulidwa ku America, monga Canon Vixia, anapangidwira magetsi a 60 Hz ndipo amajambula zithunzi 30 kapena 60 pa sekondi. Kusagwirizana kumeneku ndi kumene kumabweretsa kuphethirako. Ngati kamera ikulola, isinthireni ku zithunzi 25 kapena 50 pa sekondi, ndipo ngati siikulola, ikani shutter, nthawi imene kamera imalowetsa kuwala pa chithunzi chilichonse, pa 1/100 kapena pa 1/50 ya sekondi.

Woyendetsa kamera aphunzire kudekha. Pa ukwati timazolowera kuyendetsa kamera uku ndi uku, koma pa msonkhano wa pa intaneti chithunzi chosuntha chimafuna data yambiri kuposa chokhazikika, chifukwa pulogalamu imatumiza makamaka zimene zasintha kuchokera pa chithunzi chapitacho. Mukatembenuza kamera mofulumira zonse zimasintha nthawi imodzi, ndipo anzanu amangoona timabokosi mpaka netiweki itapezanso mpweya. Kokani chithunzi pang'onopang'ono pamene munthu wayamba kulankhula nkhani yaitali, mukafika pa nkhope yake muisiye pomwepo.

Pa za intaneti, nambala yofunika kwa inu ndi ya liwiro lotumizira, imene pa Speedtest, pulogalamu yoyezera liwiro la intaneti, imalembedwa kuti upload, chifukwa ndi imene imanyamula chithunzi chanu kupita kunja. Malinga ndi zimene a Zoom amalangiza, kulankhulana kwa mbali ziwiri pa 720p kumafuna 1.2 Mbps potumiza ndi 1.2 Mbps polandira, ndipo msonkhano wa magulu angapo umafuna zoposerapo. Powerengera bandulo, kumbukirani kuti 1 Mbps ikayenda kwa ola lathunthu imadya 450 MB, kotero msonkhano wa 720p wa mbali ziwiri umatha pafupifupi 1 GB pa ola. Bandulo yake ikhale ya intaneti yonse, chifukwa ija ya WhatsApp kapena Facebook yokha siitsegula Zoom kapena Meet. Netiweki imasiyana malo ndi malo, moti imene ikugwira bwino ku Katoto ingathe kuvuta m'zigwa za ku Mchengautuwa kapena ku Zolozolo, choncho yesani TNM ndi Airtel yomwe m'chipinda chimene mudzakhalemo, pa ola lofanana ndi la msonkhano, popeza madzulo anthu ambiri amakhala pa intaneti ndipo liwiro limatsika. Foni imene ikupereka intaneti muiike pa zenera, muilumikize ku laputopu ndi chingwe cha USB m'malo mwa Wi-Fi, chifukwa chingwe sichidukaduka komanso chimatchaja foniyo. Mu Windows sonyezani kuti intaneti imeneyi ndi Metered connection, kutanthauza ya data yowerengeka, kuti kompyuta isayambe kukoka ma update pakati pa zokambirana. Netiweki ikafooka, zimitsani HD mu Zoom, kapena mu Meet tsitsani chithunzi chotumiza kufika pa 360p, ndipo mudzaona kuti chithunzi cha 360p chochokera pa galasi labwino m'chipinda chowala chimaonekabe bwino. Mabungwe amene ali ndi Starlink, intaneti ya pa setilaiti imene inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, alibe nkhawa yaikulu ya liwiro, koma akumbukire kuti mvula yamphamvu imatha kuidula kwa kanthawi ndiponso kuti imafuna magetsi nthawi zonse.

Magetsiwo ndiye muwakonzekere ngati kuti azima ndithu. Laputopu ikhale yodzaza, podziwa kuti capture card ndi foni zikudya batire lake lomwelo. Kamera ikhale pa chaja chake, batire lilinso momwemo, koma muyese chinthu ichi msonkhano usanafike: kamera ili yoyaka, zimitsani swichi ya pa khoma, muone ngati ipitirire. Pa makamera ena batire siligwira ntchito malinga ngati chingwe cha chaja chili chobayidwa ku kamera, ngakhale magetsi atazima, ndipo ngati yanu ndi yotero, woyendetsa kamera adziwiretu kuti magetsi akangozima azule chingwecho msanga n'kuyatsanso kamera. Amene muli ndi sola ndi inverter, ndi bwino kuyambira pomwepo msonkhano wonse kusiyana ndi kusinthira pakati. Nyali ya batire ikhalenso pafupi, yoti iunikire nkhope za anthu kuchokera kumbuyo kwa kamera.

Ngati mukufuna kusunga zokambiranazo, kamera yomweyo ingathe kujambula pa memori khadi yake uku ikutumiza chithunzi ku laputopu, ndipo zojambulidwazo zimakhala zoyera ngakhale netiweki itavuta. Yesani kaye, chifukwa makamera ena amadula HDMI akangoyamba kujambula, ndipo musajambule musanapemphe chilolezo kwa onse, makamaka pa nkhani za pabanja. Dziwaninso kuti pa khadipo padzamveka bwino mawu a m'chipinda mwanu okha, pamene a achibale akutali adzangomveka chapatali kuchokera pa sipika.

Chotsala ndi nthawi. Zoom yaulere imadula msonkhano pakatha mphindi 40, ndipo Google Meet yaulere imadula pa mphindi 60 ngati olowa ali atatu kapena kuposerapo, choncho uzani anthu pasadakhale kuti ikaduka alowenso pa link yomwe mwagwirizana. Nthawi ya ku Joni ndi yofanana ndi yathu chaka chonse, ya ku Dar es Salaam ili patsogolo ndi ola limodzi, pamene London ili m'mbuyo ndi maola awiri kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka kumapeto kwa Malichi, ndi ola limodzi miyezi yotsalayo. Kutatsala tsiku limodzi, imbirani mmodzi mwa akutaliwo pa zipangizo zomwezo, m'chipinda chomwecho, musiye zonse zoyaka kwa theka la ola kuti muone ngati kamera izime kapena kutentha. Muombe m'manja kamodzi kutsogolo kwa kamera, iye akuuzeni ngati phokoso ndi manja zafika pamodzi, kenako mukhale pa mpando wakutali kwambiri ndi maikolofoni, mulankhule motsitsa monga amalankhulira agogo, mumufunse ngati wamva mawu onse.